Kompyuta ilembe, koma woyankha akhale munthu

Amene anagwirako ntchito m'maofesi a ku Limbe kapena ku Old Town m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira phokoso la makina otayipira. Kasitomala ankalemba fomu pamanja, kalaliki n'kukopera zomwezo m'buku, mlembi n'kutayipa invoisi ataika kaboni pakati pa mapepala, wa ku sitolo naye n'kulembanso dzina lomwelo pa chikalata chotulutsira katundu. Mlembiyo akapita kumaliro kwawo ku Ntcheu, zonse zinkaima mpaka abwereko.

Lero makampani ambiri asiya zimenezo. Munthu amalemba fomu kamodzi kokha pa foni kapena pa kompyuta, ndipo pulogalamu imatenga dzina lake, nambala ya foni, kuchuluka kwa katundu ndi mtengo n'kuzilowetsa yokha m'mipata ya zikalata zimene zinakonzedwa kale. Koteshoni, invoisi, lisiti, ngakhale pangano la ngongole, zonse zimatuluka nthawi imodzi tiyi asanazizire. Si zachilendo kwenikweni. Ndi mdzukulu wa mail merge ija ya mu Microsoft Word, kungoti tsopano wolemba m'mipatayo ndi kasitomala mwini, kudzera pa zinthu monga Google Forms.

Ndinene poyera, ine ndili mbali ya zimenezi. Mayi wogulitsa simenti ku Mchesi, amene sangakwanitse kulipira mlembi, tsopano angathe kutulutsa koteshoni yaudongo ngati ya kampani yaikulu n'kupikisana nawo pa tenda. Ndipo kalaliki uja wa "bwerani mawa", amene fayilo yanu inkangopezeka mukamugulira Fanta, mphamvu zake zatha. Amenewo sindiwalira.

Koma walira mvula walira matope. Mlembi wakale ankalakwitsa, inde, koma anali ndi maso ndiponso ankadziwa anthu ake. Akaona kuti mlimi wa ku Mitundu amene chaka chilichonse amagula matumba 50 a feteleza walemba 500, ankaimika kaye ntchito n'kufunsa. Kompyuta sifunsa. Chala chikaterereka pa foni n'kuwonjezera ziro, ziroyo amalowa mu invoisi, mu pangano la ngongole, m'mabuku a msonkho ndi m'kalata yokumbutsa ngongole, paliponse ataima mowongoka ngati kuti ndi woona. Kale cholakwa chinkakhala pa pepala limodzi. Lero chimabala ana tsiku lomwelo.

Tsono pali vuto lina limene ndi lathulathu. Mafomu ambiri anakonzedwa ndi anthu amene sanamvepo dzina loti Ng'oma kapena Mang'anda. Kachizindikiro kapamwambako fomu ina imakakana, ina imakameza, ina imaika zilembo zosamveka m'malo mwake. Kachipewa ka pa ŵ ndiye musanene. Mwini dzina amagonja, n'kulemba Ngoma kuti fomu idutse. Koma chiyambire 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika, dzina la pa chiphaso ndiye lamulo. Pangano likanena Ngoma, chiphaso n'kunena Ng'oma, wa pa kauntala ali ndi chifukwa chokubwezerani kunyumba.

Nanga za keyala? Fomu ikufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, ndipo siikulolani kupitirira mpata umenewo uli wopanda kanthu. Munthu wa ku Ndirande amene kwawo amakulondolera kuti ukafika pa chigayo ukhote kumanzere alemba chiyani? Amangopeka. Bodza lokakamizidwa limenelo limakakhala pa pangano, pansi pake pali siginecha yake. Madeti nawo ali ndi msampha wake: pulogalamu yokonzedwa ku America imayamba ndi mwezi, choncho 03/04 amene inu mukuti ndi 3 Epulo, iyo ikuti ndi 4 Malichi. Pa ngongole ya chiwongola dzanja, kusiyana kumeneko ndi ndalama.

Zonsezi zingathe kukonzedwa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi yankho limene labadwa m'maofesi mwathu. Ndinaima tsiku lina pa kauntala ya kampani ina ya inshulansi, kutsogolo kwanga kuli bambo wachikulire amene nambala ya galimoto yake inatuluka yolakwika pa chikalata. Mtsikana wa pamenepo, waulemu ndithu, anangoti, "Pepani bambo, ndi sisitimu." Bamboyo anafunsa kuti sisitimuyo amakhala ofesi iti kuti akaonane naye. Anthu tinaseka, koma funso lake linali lanzeru kuposa yankho limene analandira.

Wina anganene kuti awa ndi mavuto a dziko losauka, lopanda akatswiri. Ayi ndithu. Ku Australia, dziko lolemera, boma mu 2016 linasiyira kompyuta ntchito yolemba makalata kwa anthu olandira chithandizo cha boma amene ankaganiziridwa kuti analandira zopitirira muyezo. Kompyutayo inkatenga malipiro a munthu a chaka chonse kuchokera ku ofesi ya msonkho, n'kuwagawa mofanana ngati kuti munthuyo ankalandira chimodzimodzi masabata awiri alionse, kenako n'kudzaza chiwerengerocho m'kalata. Kwa munthu wa maganyu, amene mwezi uno wapeza mwezi wamawa wasowa, masamu amenewo ndi abodza. Makalata amene kale ankatuluka pafupifupi 20,000 pa chaka anayamba kutuluka ochuluka chomwecho pa sabata. Nkhaniyi, imene inatchuka ndi dzina loti Robodebt, inafika kukhoti, ndipo mu 2020 boma linalengeza kuti libweza ndalama za ngongole pafupifupi 470,000. Komiti yofufuza inatulutsa lipoti lake mu 2023 n'kudzudzula kwambiri ndondomekoyo. Imeneyo inali ntchito ya boma osati ya bizinesi, koma nthenda yake ndi yomweyi: chikalata chotuluka popanda munthu wochiwerenga, ndipo wolandirayo ndiye ayenera kutsimikiza kuti salakwa.

Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linavomereza zikalata ndi masiginecha a pa kompyuta. Ndiye kuti pepala lodzazidwa ndi makina limamanga munthu mofanana ndi lotayipidwa ndi mlembi. Ngati zili choncho, eni makampani asamuonetse kasitomala fomu yokha. Amuonetse chikalata chenichenicho, chitadzazidwa, asanadinde batani lovomereza. Pansi pa invoisi kapena pangano lililonse pakhale dzina la wogwira ntchito amene angathe kulikonza, osati nambala ya foni imene imangoimba nyimbo. Ndipo akakonza, akonze kumene cholakwacho chinayambira, chifukwa kufufuta pa pepala limodzi pomwe kompyuta ikusungabe zakale n'kusesa bwalo mphepo ikuomba.

Kwa anyamata ndi atsikana athu okonza mapulogalamu, amene ambiri ndi aluso ndithu, pempho langa n'laling'ono. Musanagulitse fomu yanu kwa bwana, musaiyese ndi John Smith wa pa 10 Main Street. Lembanimo Mang'anda wa kuseri kwa chigayo, mulembemonso maina a ku Embangweni ndi a ku Nsanje, muone amene atuluke pa invoisi ali amphumphu.