Mkodzo wa mayi woyembekezera upimidwe asanamwe kapisozi

Mlamu wanga wa kuno ku Kabwe anali ndi pakati pa miyezi 6 pamene anayamba kumva kutentha pokodza. Kusikelo anamuyeza thupi, kumutenga magazi, kumvetsera mtima wa mwana, koma za mkodzo palibe anazitchula. Pobwerera anadzera pakantemba. Mnyamata wogulitsa anamukulungira makapisozi 6 a Amoxyl m'kapepala, n'kumuuza kuti akapeza bwino asiye. Patatha milungu iwiri tinamunyamula usiku thupi lili moto, akunjenjemera, atagwira m'nthiti. Matenda anali atakwera kuimpso.

Ena anati cholakwa n'chake, bwanji anagula mankhwala pamsewu. Ine ndikukana. Mayi amene akumva kuwawa, ndipo kuchipatala sanamufunse, apite kuti?

Mayi akakhala ndi pakati, njira za mkodzo zimalefuka ndipo chiberekero chimatsamira chikhodzodzo, choncho mkodzo umachedwa kutsika. Pamenepo tizilombo ta E. coli tochokera m'matumbo timapeza mpata wokwera. Choopsa n'chakuti amayi ena samva kalikonse, koma tizilombo tili m'kati, ndipo tikafika kuimpso mwana angabadwe masiku asanakwane kapena wonyentchera. N'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2016 linalangiza kuti mkodzo wa amayi oyembekezera uzipimidwa kulabotale, ndipo wopezeka ndi tizilombo amwe mankhwala masiku 7.

Masiku 7, osati awiri a pakantemba. Mankhwala operewera amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, ndipo tolimbato timaswana. Masiku ano Amoxyl ndi Septrin nthawi zambiri amagonja kwa E. coli. Mankhwala amene mayi woyembekezera angamwe popanda kuvulaza mwana ndi ochepa kale: doxycycline saloledwa, ciprofloxacin madokotala amamupewa. Ochepawo akatha mphamvu, tidzamupatsa chiyani? Mu 2019 tizilombo tosamva mankhwala tinapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse, ndipo kuno kummwera kwa Sahara ndiko kunakhudzidwa kwambiri.

Malamulo tili nawo. Lamulo la mankhwala la 2013 linakhazikitsa ZAMRA kuti iziona amene akugulitsa mankhwala, ndipo mu 2017 boma linatulutsa ndondomeko yolimbana ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala. Mapepalawo ali ku Lusaka, makapisozi ali pathebulo pafupi ndi tomato.

A ZAMRA, yendani m'misika ya ku Makululu, Bwacha ndi Katondo kuno ku Kabwe. A Unduna wa Zaumoyo, konzani njira yoti mkodzo wochokera m'zipatala zazing'ono uzifika kulabotale, zotsatira n'kubwerera mayi asanadwalike. Amayi a Kabwe avutika kale mokwanira ndi fumbi la mtovu limene mgodi unasiya utatsekedwa mu 1994.

Ndipo inu mayi anga, mukapita kusikelo mwezi uno, funsani nokha kuti, “Anamwino, nanga mkodzo wanga simuupima?” Musachoke asanakuyankheni.