Ku Mars, mpweya udzakhala wa yani?

Ndatopa nawo anthu amene akumatiuza kuti pulaneti ya Mars tidzaisandutsa munda. Mu 2015 Elon Musk ananena pa wailesi yakanema ku America kuti njira yachidule yofunditsira Mars ndi kuphulitsa mabomba a nyukiliya pamwamba pa madzi oundana a kumpoto ndi kummwera kwake. Cholinga n'chakuti carbon dioxide wotsekeredwa m'menemo atuluke, akute pulanetiyo ngati bulangete.

Mpweya wa ku Mars ndi wochepa kwambiri, sufika ngakhale 1 peresenti ya wathu uno, ndipo pafupifupi 95 peresenti yake ndi carbon dioxide. Kumazizira cha m'ma -60 digiri. Mu 2018 asayansi Bruce Jakosky ndi Christopher Edwards anawerengera carbon dioxide amene luso lathu lingathe kumasula kumeneko, napeza kuti ndi wosakwanira kutalitali. Komanso Mars alibe mphamvu ya maginito yomutchinjiriza, ndipo chombo cha MAVEN chinaonetsa kuti mphepo yochokera kudzuwa ikukokololabe kampweya kotsalako. Kumeneko ndiye kutunga madzi m'dengu.

Tinayesapo zazing'ono pansi pompano. Mu 1991 anthu asanu ndi atatu anatsekeredwa m'chinyumba chagalasi cha Biosphere 2 ku Arizona, muli mitengo, minda ndi kanyanja kakekake. Okosijeni anatsika kufika cha m'ma 14 peresenti, mpaka anachita kupopera wina kuchokera kunja. Ku Mars kunja kopopako kulibe.

Koma chondiwawa kwenikweni si masamuwo. Tiyerekeze kuti anthu apitadi. Kwa mibadwomibadwo adzakhala m'nyumba zomata, akupuma mpweya wopangidwa ndi makina. Makinawo ali ndi mwini wake. Mu 2020 Musk yemweyo analemba pa Twitter kuti osowa ndalama za ulendo adzapatsidwa ngongole, ndipo ntchito ku Mars zidzakhala zambiri. Ife a kuno mawu amenewa si achilendo. Agogo athu m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo, dzina lake thangata. Komatu wa thangata zikamukwana ankatha kuthawa usiku, kukagona kutchire, n'kumapuma mwaulere. Wangongole wa ku Mars adzathawira kuti? Akanyanyala ntchito, bwana sadzafunanso apolisi kapena chikoti, adzangogwira pa switchi.

Mwina mukuti malamulo alipo. Alipodi: pangano la mayiko la 1967 limaletsa dziko lililonse kutenga mwezi kapena pulaneti kukhala yake. Nanga bwanji m'mfundo zimene makasitomala a Starlink anapatsidwa kuti avomere mu 2020 munalembedwa kuti Mars ndi pulaneti yaufulu, imene boma lililonse la padziko lapansi lilibepo ulamuliro? Munthu sanapondeko n'komwe, koma kampani yayamba kale kukana khoti.

Sindidana ndi kufufuza zakuthambo. Maloboti apite, akakumbe miyala, akatiuze ngati kunakhalapo zamoyo. Mabomba aja angafafanize umboni womwewo tisanauone. Chimene ndikukana n'chakuti anthu amene akulephera kuchotsa carbon dioxide pang'ono chabe mumpweya wa dziko lokhala kale ndi nyanja, mvula ndi njuchi, azitilonjeza mvula pa chipululu chozizira, kwinaku fomu ya ngongole ili m'manja.