Afunseni kaye eni ake a ku Chilobwe

Chichitikire ngozi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakokolola nyumba ku Chilobwe, mawu akuti "asamuke" sachoka pakamwa pa akuluakulu. Ine sindikutsutsa. Munthu sangagone mwamtendere m'njira ya madzi. Chimene ndikukana n'chakuti mapulani okonzanso Blantyre azijambulidwa m'maofesi, eni nyumba n'kumangomvera pa wailesi.

Khalidweli ndi lakale. M'nthawi ya Kamuzu nyumba zooneka zakutha zinkalembedwa nyenyezi yofiira, mwini wake osafunsidwa kanthu. Mu 2006 boma lidathamangitsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, ndipo tisaiwale kuti nthawi imeneyo kudalibe makhansala, poti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mavendawo adabwerera m'misewu momwemo, chifukwa ogula sadasamuke nawo. Anzathu a ku Zimbabwe ndiye adachita kunyanya mu 2005 ndi Murambatsvina, pamene bungwe la United Nations lidapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena pogwira.

Kodi amene amajambula mapuwa adafunsapo chifukwa chimene munthu amakakamirira ku Chilobwe, ku Ndirande kapena ku Mbayani? Wa ku Ndirande amayenda wapansi kukafika ku mafakitale a ku Makata, ndalama ya minibasi n'kugulira ufa. Mayi wa mandasi amadziwa amene angamupatse pangongole ndi amene sangabweze. Pali banki mkhonde, pali mpingo, pali anzake amene amathamangira kudzagona pa siwa pakagwa zovuta. Zimenezi zatenga zaka kuti zilukane, ndipo sizikwezedwa pa lole pamodzi ndi malata. Mukampatsa munthu puloti kutali, kopanda mpopi, msika kapena sukulu, adzaigulitsa n'kubwerera kuphiri komweko, kenaka inu mudzati ndi wosamva.

Tsono khonsolo ya mzinda wa Blantyre ipite kwa anthuwo isanakhome chikhomo ngakhale chimodzi. Misonkhano ichitikire pa bwalo la mfumu, Loweruka, m'Chichewa, ndipo a lendi alankhule nawo, poti chipukuta misozi chimakonda kuthera kwa eni nyumba okha. Oyenera kusamuka asamukire limodzi ngati mudzi, ataona okha malowo. Kumene kulibe chiopsezo, monga mbali zina za Ndirande, akumbe ngalande, abweretse madzi ndi misewu, anthuwo ali pomwepo.