MBALE ZIŴIRI ZA CHIPANI CHA REPUBLICAN

Wamalonda amene amasunga mbale ziŵiri zoyezera chimanga, yaikulu pogula ndi yaing'ono pogulitsa, timamutcha mbala. Nanga chipani cha ndale chikamachita chimodzimodzi tichitche chiyani?

Taonani zimene zidachitika ku Amereka m'chaka cha 2010. Chuma cha dzikolo chidali chitagwa kuyambira mu 2008, ndipo mwa anthu khumi alionse oyenera kugwira ntchito, pafupifupi mmodzi adali lova. Boma linkapatsa malovaŵa kangachepe sabata iliyonse, ena mpaka masabata 99. Itakwana nthaŵi yoti thandizoli liwonjezedwe, aphungu a chipani cha Republican adafuula kuti boma lamira m'ngongole, lisatulutsenso khobidi pokhapokha litadula ndalama kwina. Ena mwa iwo adati thandizo lotere limaphunzitsa anthu ulesi.

Pa nthaŵi yomweyo, msonkho wa anthu olemera, umene Pulezidenti George W. Bush adautsitsa mu 2001 ndi 2003, udayenera kubwerera pa 39.6 peresenti kuchoka pa 35. Pulezidenti Barack Obama adafuna kuti mabanja opata madola oposa 250,000 pachaka abwerere ku msonkho wakalewo. Apa ngongole ija idaiŵalika msanga! Pa 1 Disembala masenata onse 42 a chipanichi adasaina kalata yakuti sadzalola malamulo ena kudutsa nkhani ya msonkho isadathe. Kumbukirani kuti thandizo la malova lidali litatha dzulo lake.

Senata Bernie Sanders adaima maola oposa 8 kutsutsa mgwirizano umene udatsatira, koma sizidaphule kanthu. Pa 17 Disembala Obama adasaina lamulo: msonkho wotsika upitirire kwa zaka ziŵiri kwa onse, olemera omwe, pamene malova adapatsidwa miyezi 13.

Ife tikunena poyera kuti uku n'kubera anthu pa muyeso. Lova akalandira ndalama amagula chakudya ndi kulipira lendi tsiku lomwelo, motero wamalonda ndi mlimi nawonso amapindula. Wolemera akachotseredwa msonkho, zambiri amangokasunga. Ngati ngongole idali yoopsa podyetsa wanjala, idaleka bwanji kuopsa powonjezera wokhuta?

Choncho inu atsogoleri ndi ogwira ntchito m'boma, mukamva munthu akunena kuti ndalama palibe, mufunseni kuti palibe kwa yani. Ndipo musaseke lova, pakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.