Mwana Wokhala Chete Sindiye Mwana Wamtendere

"Khala chete, ndingakukwapule!" "Mwamuna salira!" Mau aŵa amamveka m'makomo mwathu tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri timaŵayesa mwambo. Ine ndikuti si mwambo ai, koma ulesi wa ife akuluakulu. Kuopseza mwana nkwa kamphindi chabe, pamene kumphunzitsa kuugwira mtima kumafuna zaka.

Taganizani bwino, inu makolo. Mwana wa zaka zitatu akadzigwetsa pansi nkumagubuduka, iye mwini sadziŵa ngati chamgwira ndi njala, tulo, mantha kapena nsanje poona kuti mng'ono wake wamlanda msana wa mai. Akatswiri adapeza kuti chigawo cha kutsogolo kwa ubongo, chimene chimathandiza munthu kudziletsa, chimakhwima munthu akamayandikira zaka 25. Nanga kamwana tingakalamule bwanji kuti kadziletse, tisanakaonetse njira yake?

Njirayo imayamba ndi dzina. M'chaka cha 2007, Matthew Lieberman ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Los Angeles adaonetsa anthu zithunzi za nkhope zokwiya ndi zamantha. Anthuwo akatchula dzina la chimene akuonacho, chigawo cha ubongo choutsa mantha chinkayamba kuzizira. Nchifukwa chake mai amene amagwada nkunena kuti, "Wakwiyatu mwanangu, chifukwa akulanda mpira," sakumsasatitsa mwanayo. Akumpatsa mau, kuti maŵa adzalankhule m'malo moponya mwala.

Wina adzati, "Ife tidakula ndi mkwapulo, ndipo tili bwino." Tili bwinodi? Nanga abambo aja amene chisoni chao amachimiza m'kachasu, ndi aja amene mkwiyo wa kuntchito amakautsanulira pa akazi ao? Malipoti a apolisi m'Malaŵi muno akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Zifukwa zake nzambiri, koma tisadzinamize: mnyamata amene adauzidwa kuti mwamuna salira, akakula sadziŵa kupempha chithandizo ngongole ikamfika pakhosi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzatinso, "Mukufuna ana azitikwera pamutu." Iyai. Kumva mkwiyo si mlandu, koma kumenya mnzako ndiwo mlandu, ndipo mwana ayenera kumva zonse ziŵirizi kuchokera pakamwa pamodzi. Yohane Bosco adalera anyamata ovuta a m'miseu ya ku Turin, ndipo m'chaka cha 1877 adalemba njira yake ya kaleredwe, yotsamira pa nzeru, chipembedzo ndi chikondi. Kumenya adakukaniratu, komabe nyumba zake sizidasoŵe mwambo.

Tsono mwana akapsa mtima, yambani mwadzigwira inuyo, pakuti moto suzimitsidwa ndi moto. Tsikani kuti maso anu alingane ndi ake. Tchulani chimene chamgwira, mpumireni limodzi pang'onopang'ono, ndipo dikirani kuti mtima ukhale pansi. Pamenepo ndiye mlangizeni, ndipo ngati waononga kanthu, akonze. Malangizo operekedwa m'kati mwa kulira ali ngati mbeu yofesedwa pa madzi osefukira.

Kuwongola mtengo mpoyamba, adatero makolo athu. Zoonadi. Koma mlimi wanzeru amazika kamtengo kena pambali pa mmera nkuumangirira bwino, sauthyola. Usiku uno mwana wanu akalira, musanatole mkwapulo, yambani mwamfunsa kuti, "Chakuvuta nchiyani, mwanangu?" Kenaka mumvereni mpaka amalize.