Ana Aphunzitsidwe Kukweza Mpira Wodulidwa

Tenisi ya pa tebulo siifuna bwalo lalikulu. Tebulo lake ndi lotalika mamita 2.74, ukonde wake masentimita 15.25 okha, kotero kuti sukulu za m'dera la Chonde ku Mulanje zingathe kuiseŵera m'kalasi momwe ngakhale mvula ikugwa. Chimene chimasoŵa kaŵiri-kaŵiri ndi mphunzitsi wodziŵa chouza mwana pamene mdani wake wadula mpira.

Kudula ndiko kumenya mpira pansi pake kuti upite ukuzungulira chammbuyo. Mpira wotere ukakhudza chomenyera umathaŵira pansi, nugwera mu ukonde. Mwana akalephera katatu amagwidwa ndi mantha, ndipo mphunzitsi, pofuna kumpulumutsa, amamlangiza kuti azingokankha pang'ono-pang'ono kufikira mnzakeyo atalakwitsa yekha. Malangizo ameneŵa amapambanitsa maseŵero a Lachisanu pa sukulu, koma amapundula mwana. Tsiku limene adzakumane ndi wodziŵa kumenya, kukankha kwake kudzakhala kupatsa mdani mpira woti amphe nawo.

Yankho lenileni ndilo kukweza mpirawo mouzunguliritsa chakutsogolo, kamenyedwe kamene Angerezi amati loop. Apa pali chinthu chimene mphunzitsi wa sayansi ayenera kukondwera nacho. Mbali ya mpira wodulidwa imene yayang'ana woulandira imayenda chokwera, ndiponso chomenyera cha wokweza chimayenda chokwera. Wokwezayo tsono salimbana ndi kuzungulira kwa mpira, amangopitiriza komweko. Chofunika ndi chakuti labala ayende mofulumira kuposa khungu la mpira. Akachedwa, mpira ugwa.

Nchifukwa chake mphamvu ya mkono payokha siikwanira. Woseŵera apinde maondo, atsitse chomenyera kufika cha m'bondo, achitsegule nkhope kuti chikhale pafupifupi choimirira, kenaka anyamuke ndi miyendo ndi chiuno, nakhudze mpira mopepuka kumbuyo kwake ngati munthu wokhwatcha machesi. Mpira umadumpha ukonde, ndipo kuzungulira kwake kumaukokera pansi kuti ugwere pa tebulo. Kudula kukakula, mkono ulunjike kumwamba koposa kutsogolo.

Mbiri ya maseŵeraŵa ikuvomereza. Hiroji Satoh wa ku Japan atapambana mpikisano wa dziko lonse ku Bombay mu 1952 ndi chomenyera cha siponji, akatswiri odula anayamba kuchepa mphamvu. István Jónyer wa ku Hungary anatenga ukatswiri womwewo mu 1975 ndi kamenyedwe kokweza. Ngakhale Joo Se-hyuk wa ku South Korea, mmisiri wa kudula amene anafika mu ndime yomaliza ku Paris mu 2003, ankaopedwa chifukwa ankadziŵanso kukweza. Quadri Aruna wa ku Nigeria anafika m'gulu la akatswiri 8 omaliza pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016 ndi mkono womenya mopanda mantha.

Ena adzati zomenyera za m'sukulu za kumudzi nzakutha, ndipo akunena zoona: labala wosalala ngati mbale sagwira mpira. Koma zomenyera ziŵiri zabwino, zopukutidwa ndi kansalu konyoŵa ndi kusungidwa kutali ndi dzuŵa, zingaphunzitse kalasi lonse mosinthana. Mmodzi adule, mnzake akweze, mipira 20 aliyense, ndipo mphunzitsi asaŵerenge zigoli pa sabata zoyambazo, pakuti mipira yambiri idzagwera mu ukonde.