Ndalama za nandolo zisathere pa kamera yokha

Nyengo yokolola ikangodutsa, ndalama za nandolo ndi soya zikayamba kulowa m'matumba, achinyamata ambiri a m'boma la Milange amayamba kulingalira za geni yoti ayambe. Ena amathamangira njinga yamoto yonyamulira anthu, ena amatsegula okala, koma alipo ena amene mtima wawo uli pa makamera akuluakulu akuda aja osintha malenzi, amene m'masitolo amawatcha DSLR. Maganizowo ndi abwino ndithu, pakuti maukwati, zinkhoswe, maubatizo ndi zikondwerero za kusukulu sizitha. Komatu kamera yotere imadya ndalama za munda wa chaka chathunthu, ndipo amene adalima nandolo m'chaka cha 2017, mitengo itagwa, akudziwa kuti ndalama zotere sizibwera chaka chilichonse.

Choyamba chimene wofuna kugula ayenera kudzifunsa ndi ichi: masiku ano mafoni ojambula ali ponseponse, nanga munthu angalipirenso wojambula chifukwa chiyani? Yankho lake lili pa khoma la nyumba. Chithunzi cha m'foni chimatha tsiku limene foniyo yagwera m'madzi kapena yabedwa pamsika, pamene chotsukidwa papepala chimapachikidwa, alendo n'kumachiona. Mabanja ambiri a m'dera lino alibe ndi chithunzi chimodzi chomwe cha makolo awo, kaamba koti nkhondo imene idatha mu Okutobala 1992 idawathamangitsira ku Mulanje ali chimanjamanja. Zina zimene zidajambulidwa pambuyo pake zidapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Choncho anthu a kuno amadziwa mtengo wa chithunzi chogwirika m'manja, ndipo ndicho amalipira. Salipira kukula kwa kamera ayi.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatsanulira ndalama zonse pa kamera ya dzina, kenaka n'kupezeka alibe makina otsukira zithunzi, alibe batire lachiwiri, ngakhale chikwama chomwe. Wanzeru amagawa ndalamazo, kamera n'kutenga gawo lake, zotsalazo n'kugulira zipangizo zimene zimasandutsa chithunzi kukhala ndalama. Pali timakina ting'onoting'ono monga Canon Selphy, totsuka zithunzi za masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, ndipo mapepala ake amagulitsidwa pamodzi ndi utoto wake m'mapaketi, ena a zithunzi 108. Wojambula amene ali ndi kamakina kotere amapereka zithunzi tsiku lomwelo, eni ukwati ndalama zikadali m'manja. Wolonjeza kuti abweretsa sabata yamawa amapeza ndalama za pelekanipelekani zitalowa kale m'ngongole za mpunga ndi nkhuku.

Ogulitsa amakonda kukopa anthu ndi nkhani ya mamegapikiselo, ati iyi ili ndi 24, iyo ili ndi 18 basi. Zoona zake n'zakuti chithunzi cha 10 ndi 15 chija chimatuluka bwino kwambiri ndi mamegapikiselo ongopitirira 2 pang'ono. Kamera ya 12 kapena 16 ikhoza kutulutsa chithunzi chachikulu chopachika pabalaza popanda wodandaula. Ndiye munthu asalipire ndalama zambiri kaamba ka nambala imene makasitomala ake sadzaiona.

Nanga DSLR ndi chiyani kwenikweni? M'kati mwake muli kakalilole kamene kamatenga kuwala kolowa pa lenzi n'kukutumiza ku kazenera koikapo diso, kotero kuti wojambula amaona ndendende zimene lenzi ikuona. Akadina batani, kakaliloleko kamatukuka, kachitseko ka m'kati n'kutseguka, kuwala n'kugwera pa sensa imene idalowa m'malo mwa filimu. Makamera otere adayamba kufala kampani ya Nikon itatulutsa D1 mu 1999, ndipo adafika pa mtengo woti anthu wamba akunja n'kugula pamene Canon idatulutsa EOS 300D mu 2003. Koma nyengo yake ikupita kumapeto. Makampani awiriwa adatembenukira ku makamera opanda kalilole, ndipo pambuyo pa chaka cha 2020 sadatulutsenso DSLR yatsopano. Kwa munthu wa ku Milange imeneyi si nkhani yoipa. Olemera akunja akugulitsa ma DSLR awo kuti agule zamakonozo, motero makamera ogwirapo ntchito koma abwinobwino achuluka, ndipo malenzi ake ndi osasowa.

Palinso chifukwa china chimene DSLR imayenerera madera akumudzi: siidya batire. Poti munthu amayang'ana kudzera pa kalilole, kamerayo siyatsa sikirini nthawi zonse monga zimachitira zopanda kalilole. Malinga ndi opanga, Nikon D3500 ya mu 2018 imajambula zithunzi pafupifupi 1,550 batire likadzaza kamodzi, pamene Canon EOS 2000D ya chaka chomwecho imafika pa 500. Wokajambula ukwati kumudzi kopanda magetsi a EDM aiganizire bwino nkhani imeneyi, ndipo asaiwale kufunsa tchaja yotheka kulumikiza ku sola.

Tsono pogula kamera yogwirapo ntchito, kaya ndi ku Quelimane, ku Mocuba, kapena kutsidya ku Limbe ndi ku Blantyre, pamafunika kudekha, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kachitseko ka m'kati kaja kali ndi moyo wake. Pa makamera ang'onoang'ono a Nikon, opanga amayembekezera kuti katseguke maulendo pafupifupi 100,000. Wojambula zithunzi 500 pa ukwati uliwonse ndiye kuti angajambule maukwati 200, koma ngati mwini wake woyamba adadya kale 90,000, wogulayo wagula nkhalamba yodzola mafuta. Kamera ya Nikon imalemba chiwerengerochi m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndipo wodziwa kompyuta akhoza kuchiwerenga. Ya Canon nthawi zambiri imafuna kulumikizidwa ku kompyuta. Wogulitsa akamakana kuti chiwerengerochi chionedwe, pamenepo pali mawu.

Wogula ajambulenso thambo kapena khoma loyera, nambala ya f ataiika pa 16 kapena 22, kenaka achikuze chithunzicho pa sikirini. Madontho ochepa akuda ndi fumbi lotheka kupukuta, koma mzere wodutsa chithunzi chonse ndi matenda a sensa, ndipo kamera yotero ndi yoisiya pomwepo. Akatero achotse lenzi, aiwalitse ndi tochi ya foni. Akaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku.

Chuku ndiye mdani wamkulu wa kamera m'dera lino, kuposa ngakhale akuba. Mphepete mwa phiri la Tumbine ndi la Mulanje mumagwa mvula yambiri, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi ngakhale nsapato zimachita chuku pansi pa bedi. Lenzi yotsekeredwa m'chikwama chonyowa, pamalo amdima, imamera chuku m'kati, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi, zithunzi n'kumatuluka ngati zajambulidwa m'nkhungu. Mankhwala ake ndi otchipa: chigubu chapulasitiki chotseka bwino, m'kati mwake muli timapaketi ta timiyala toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Timiyalato tikakhuta chinyezi timafunika kuumitsidwa pa moto wochepa. Kamera yogwira ntchito kawirikawiri ndi kuona kuwala siigwidwa chuku msanga ngati yongosungidwa. M'chilimwe vuto limasanduka fumbi, ndipo wosintha lenzi pamsewu galimoto zikudutsa akuitana yekha madontho aja.

Za malenzi nkhani yake ndi yaifupi. Ya 18-55 imene imabwera ndi kamera ndi yokwanira kuyambira ntchito. Phindu likayamba kuoneka, yachiwiri ikhale ya 50 ya f/1.8, yomwe imalowetsa kuwala kwambiri ndipo imathandiza m'matchalitchi amdima. Ogula Nikon ya mtundu wa D3000 kapena D5000 ndi azibale ake achenjere, chifukwa makamerawa alibe injini yozunguza lenzi, motero amafuna malenzi olembedwa AF-S. Akale olembedwa AF-D amalowa ndithu, koma munthu amachita kuzunguza ndi dzanja.

Kukhala ndi kamera n'kwina, kuidziwa n'kwinanso. Dandaulo lofala la eni maukwati ndi lakuti diresi lidatuluka bwino koma nkhope ya mkwatibwi siikuoneka. Chimachitika n'chakuti kamera ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Pa kamera pali kabatani kolembedwa + ndi -, ndipo kukankhira ku +1 kumabwezeretsa nkhopeyo. Masana dzuwa lili paliwombo, maso amalowa m'mithunzi, ndipo apa fulashi imathandiza ngakhale kunja kukuwala. Kuimika anthu pamthunzi wa khonde kumaposa pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali, pamene nkhope zimatuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Pojambula gulu la mizere itatu, f ikhale pa 8 kuti a kumbuyo nawonso aoneke. Pa magule othamanga ngati tchopa, kachitseko katseguke mwachangu, pa 1/500, apo ayi miyendo ya ovina imangotuluka utsi. Zonsezi aziphunzire pa ana ndi mbuzi za pakhomo, osati pa ukwati wa eni, chifukwa ukwati subwerezedwa.

Dziko la Mozambique lili ndi mbiri pa luso limeneli. Malemu Ricardo Rangel, amene adabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2009, adatchuka mpaka kunja ndi zithunzi za filimu yakuda ndi yoyera, zojambulidwa ndi makamera amene lero mwana wasukulu angawaseke, ndipo adaphunzitsa ojambula ambiri pa sukulu ya zojambula ku Maputo.

Kadi yosungira zithunzi igulidwe m'sitolo yodalirika, popeza zilipo zachinyengo zolembedwa 64 GB koma zotaya zithunzi zikangodzaza pang'ono. Makadi awiri ang'onoang'ono amaposa imodzi yaikulu. Ndipo wojambula asafufute zithunzi za anthu akangolipidwa. Azisunge pa kompyuta kapena pa kadi ina, atalemba dzina la mudzi ndi tsiku, chifukwa banja limene zithunzi zake zaonongeka ndi mvula, kapena lagweredwa maliro n'kufuna nkhope ya malemu, lidzabwera kudzatsukitsanso.

Wokagula kutsidya aumirire lisiti lolembedwa nambala ya kamerayo, imene imapezeka kunsi kwake. Lisitilo ndi limene adzaonetse kwa a kasitomu pa chipata cha Muloza ndi Milange, ndiponso ndi limene lidzamuombole ngati zitadziwika kuti kamerayo idabedwa kwina. Pachipatapo kamera ikhale m'chikwama. Kujambula maofesi a m'malire, apolisi kapena asilikali popanda chilolezo kungachititse kuti ilandidwe isanajambule ndi ukwati umodzi womwe.